Mmene Tinagwirizanitsira Mawotchi a ku Katete, Sinda ndi Vubwi

Ana anga, atate anu akhala akundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga maso asanayambe kuchita chidima. Mtedza takolola kale, nkhokwe tamata, ndiye ndilibenso chonamizira. Za ubwana wanga munazimva kambirimbiri kwa azakhali anu, sindizibwereza. Ndiyambira pa tsiku limene ndinalowa ntchito.

Katete, 1985

Ndinalembedwa ntchito yotaipa makalata ku ofesi ya bungwe lina la mpingo limene linkayang'anira timakiliniki ta kumidzi. Ofesiyo inali nyumba yamalata kuseri kwa msika, ndipo dzuwa la Okutobala likafika pamutu mapepala ankamata m'manja ndi thukuta. Bwana wanga woyamba anali a Mwale, munthu wamtali, wosaseka wamba, wovala tayi ngakhale Loweruka. Tsiku loyambalo anandipatsa kalata yoti nditaipe. Nditamaliza anaitenga n'kukaiunika pakhomo kufuna kuona ngati ndafufuta penapake, ndipo atapeza kuti palibe anangoti mawa ndibwerenso. Ndinapita kunyumba mtima uli m'mwamba, koma anzanga anandiuza kuti kwa a Mwale kumeneko kunali kuyamikira kwakukulu zedi.

Zaka zimenezo zinthu zinkasowa. Riboni ya taipilaita ikauma tinkaidonthezera inki ya chidindo n'kuiyanika pawindo. Maenvulopu akale tinkawamatula, kuwatembenuza, n'kuwamatanso ndi phala la ufa wa chinangwa. Sindinkaona ngati ndi mavuto, chifukwa ndinali mtsikana wolandira malipiro anga ndekha, wokhala ndi tebulo langalanga. Pawindo loyanikapo riboni lija ndi pamene atate anu, amene panthawiyo anali mphunzitsi wachinyamata wochokera cha ku Mkaika, anayamba kumaima masana aliwonse, ati kufunsa ngati kwabwera kalata ya sukulu yawo. Makalata a sukulu sankadzera kwa ife, ndipo iwo ankadziwa bwino lomwe zimenezo. Tsiku lina a Mwale anatuluka n'kuwauza kuti, "Aphunzitsi, positi ofesi ili uko kumsewu. Koma ngati nkhani yake ndi ina, tumizani ankhoswe, mukutichedwetsera ntchito." Chaka chotsatira tinadalitsa ukwati, a Mwale atakhala pa benchi yakutsogolo ndi tayi yawo.

Sinda, 1999 mpaka 2006

Kompyuta yoyamba itafika ku ofesi ya ku Katete, inakhala miyezi ingapo ili yovundikira ndi chitenje chifukwa aliyense ankaopa kuiwononga. A Mwale anali atapuma, ndipo m'malo mwawo munabwera a Daka, munthu wamfupi wokonda nthabwala, amene kuseka kwawo kunkamveka mpaka kumsika. Iwo ndi amene anavundukula chitenje chija. Anandiitana n'kundiuza kuti, "Amayi Banda, mabatani akewa ndi ofanana ndi a taipilaita yanu. Khalani pampandopo. Ikaphulika ndidzayankha ndine." Siinaphulike. Ndinaikonda kuyambira tsiku lomwelo, makamaka chifukwa ukalakwitsa chilembo umangochifafaniza popanda wina wokaunika pepala lako pakhomo.

A Daka ananditumiza ku maphunziro ku Chipata kangapo, kenako anandisamutsira ku ofesi yathu ya ku Sinda, kumene kunaikidwa makompyuta ena. Atate anu anapeza malo pa sukulu ina yapafupi, ndipo iwe Tiyamike unaphunzira kuthamanga m'fumbi la kumeneko. Ku Sinda kunalibe wondikonzera chilichonse. Makina akafa, wokonza wochokera ku Chipata ankatha kubwera patapita mwezi, ndiye ndinayamba kumawatsegula ndekha. Fumbi ndinkalichotsa ndi pampu ya njinga ya atate anu. Tsiku lina ndinapeza kuti buluzi waikira mazira mkati mwa makina a kwa akauntanti. M'chikwama changa, pamene amayi anzanga ankaikamo buku la nyimbo ndi mpango, ine munkakhalanso sikuludilaiva, ndipo tsiku lina ku chigwirizano cha amayi ku tchalitchi inagwa pansi pakati pa pemphero, anthu n'kuyamba kunditcha amayi a makompyuta. Dzinalo linandikanirira mpaka lero. Ndinapitiriza kuphunzira mwa makalata mpaka ndinalandira satifiketi, ndipo pamene ndinkabwerera ku Katete ndinali woyang'anira makompyuta onse a bungwe.

Katete, 2013

Sinda ndi Vubwi atakhala maboma paokha ntchito yathu inakula. Bungwe linaganiza zoti mbiri ya odwala, makamaka amayi apakati ndi ana a kusikelo, izisungidwa mu kompyuta. Ku Katete tinaika kompyuta yaikulu yosunga zonse, imene timaitcha seva, m'kachipinda kamene kale tinkasungiramo matsache. Ku Sinda ndi ku Vubwi tinaikakonso seva yaing'ono, yolandira zimene anamwino alemba n'kuzitumiza ku Katete netiweki ikapezeka. Makina a ku malo awiriwa anali akale, ogwirapo kale ntchito kwina, koma tinawalandira ndi manja awiri. Mwezi uliwonse seva ya ku Katete inkatulutsa maina a ana oyenera katemera, mudzi ndi mudzi, ndipo alangizi a zaumoyo ankawalondola panjinga.

M'mawa wina ndinalandira foni kuchokera kwa Mayi Sakala, mzamba wamkulu pa kiliniki yathu ya ku Vubwi. Anali mayi wa mawu aakulu, amene theka la ana a dera limenelo anabadwira m'manja mwawo. Tsiku limenelo ankaseka mpaka mawu osamveka. Atapezako mpweya anandiuza kuti kwabadwa mwana dzulo lake, wamwamuna, wathanzi, koma khadi limene kompyuta yasindikiza likunena kuti ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Bambo wa mwanayo, a Miti, wogula ndi kugulitsa soya m'malire, anali pomwepo, ndipo anapempha foni. Mwaulemu wonse anati, "Amayi, ndine Miti. Ndimati ndingofunsako, mwanayu ndimugulire matewera kapena yunifomu?"

Ndinaseka mpaka misozi. Koma nditaika foni pansi ndinapita kukaona ana ena a ku Vubwi mu seva, ndipo kuseka kunandithera. Mwana wa a Miti sanali yekha. Mukudziwa, mu kompyuta iliyonse muli kawotchi koyendera kabatire kakang'ono ngati batani la malaya. Kabatire kameneka kakatha, ndiye malaiti n'kuthima, wotchiyo imabwerera ku chaka chimene makinawo anapangidwa. Pulogalamu yathu inkadzaza yokha tsiku la lero pa malo a tsiku lobadwa la khanda, ndipo namwino wotopa, amene odwala akumudikira panja, ankangodina n'kupitiriza. Choncho makanda ambiri analembedwa ngati ana aakulu, ndipo seva potulutsa maina a katemera inkawadumpha. Ana amene amayi awo ankabwera okha kusikelo ankalandira, chifukwa namwino amaona khanda ndi maso ake. Koma a kumidzi yakutali, amene amadikira mlangizi kuti awalondole, palibe ankawalondola. Ndipo nthawi imeneyo kunkamveka kuti kutsidya kwa malire kuli chikuku.

Ku Sinda vuto linali lamtundu wina. Anamwino ankakonza okha wotchi ya makina, wina poyang'ana foni yake, wina wotchi yapakhoma imene inkachedwa chikhalire. Wotchi ya seva ya ku Katete nayo inkathamanga. Tsono wodwala mmodzi akalembedwa kawiri, seva inkasunga chimene ikuona ngati chatsopano, moti namwino wa ku Sinda akakonza cholakwika, kukonzako kunkatayidwa, cholakwikacho n'kutsala.

Zonsezi ndinawafotokozera a Daka. Kenako anati, "Zambia, Malawi ndi Mozambique, maiko atatu a mbendera zosiyana, amagwirizana kuti tsopano ndi naini koloko. Makina athu atatu a nyumba imodzi akulephera?" Tsiku lomwelo anatumiza galimoto ku Vubwi kuti Mayi Sakala ndi alangizi ayambe kuyenda m'midzi kufunafuna ana odumphidwawo. Ine anandifunsa chimene ndikufuna. Ndinati mabatire atsopano choyamba, koma mabatire okha sangathandize, chifukwa wotchi iliyonse imasochera mwa njira yake. Pankafunika kuti makina onse azifunsa nthawi pamalo amodzi.

Katete ndi Sinda, 2014

Njira yake ndinali nditaiphunzira ku Chipata koma ndinali ndisanaigwiritsepo ntchito. Pali kapulogalamu kotchedwa NTP. Padziko pano pali makompyuta amene ntchito yawo ndi kusunga nthawi yeniyeni, ndipo kapulogalamuka kamafunsa angapo mwa iwo kudzera pa intaneti, kamaganizira nthawi imene yankho latha panjira, kenako kamatsatira amene akugwirizana n'kumusiya amene akunena zakezake. Cholinga changa chinali chakuti seva ya ku Katete izifunsa kunjako, ndipo Sinda ndi Vubwi azifunsa Katete. A Daka anati zimenezo n'zosavuta kumva, ndi mmene bwalo la akulu ampingo limayendera.

Kulemba kwake kunali kochepa: mizere ingapo m'kafayilo kamodzi, maina a mawotchi oti tizifunsa, ndi chilolezo choti Sinda ndi Vubwi azifunsa yathu. Ndinalemba, ndinayatsa, koma yankho silinabwere. Ndinafufuza masiku angapo, mpaka ndinapeza kuti kabokosi koteteza netiweki yathu kankatseka khomo limene mafunso a nthawi amadzera, la nambala 123. Kabokosiko kanali ka kampani yotipatsa intaneti, ndipo makiyi ake anali ndi iwo. Pafoni ankangondiuza kuti mawa. Ndinakwera minibasi kupita ku Chipata, ndinakhala pa benchi ya mu ofesi yawo ndi zoluka zanga, n'kuwauza mwaulemu kuti sindikufulumira. Lisanafike dzuwa pamutu khomo linali litatsegulidwa.

Mayankho atayamba kubwera, kapulogalamu kaja kanakana kugwira ntchito. Seva yathu inali patsogolo ndi nthawi yopitirira theka la ola, ndipo kakaona kusiyana kwakukulu chotero kamaima, kudikira kuti munthu ayambe wakonza ndi manja. Koma kubweza wotchi m'mbuyo anthu akulemba kukanabweretsa chisokonezo chomwe chija, zatsopano kuoneka ngati zakale. Ndiye ndinapempha kuti Loweruka masana titseke zonse, ndibweze wotchi, kenako tidikire mpaka nthawi yeniyeni ipitirire pamene wotchi yabodza ija inali itafika.

Loweruka limenelo ndimalikumbukira bwino. Nditabweza wotchi panalibenso chochita. Tinatulutsa mipando n'kukhala pansi pa mtengo wa kesha, ine, a Daka, ndi a Tembo oyendetsa galimoto ya ofesi. A Daka anagula nzimbe kumsika. Atate anu anatulukira panjinga kudzaona chimene chandichedwetsa, n'kupeza tikungotafuna nzimbe. Atafunsa chimene tikudikira, a Daka anati, "Aphunzitsi, moyo wanga wonse ndadikira mabasi, ndadikira mvula, ndadikira akazi anga povala. Lero ndikudikira nthawi mwini wakeyo, akuti yatsalira m'mbuyo." Atate anu anatsamiritsa njinga pamtengo, nawonso n'kutenga nzimbe.

Nthawi itakwana ndinalowa n'kuyatsa zonse. Kapulogalamuka kakasankha wotchi yoti kaitsatire kamaika kanyenyezi pambali pa dzina lake. Amuna atatu aja anaima kumbuyo kwanga m'kachipinda kosakwana anthu awiri, akuyang'ana manambala amene sankawamva. Kanyenyezi katatulukira ndinaloza ndi chala, ndipo a Tembo anavula chipewa chawo ngati tili m'tchalitchi. Mlungu wotsatira ndinapita ku Sinda. Kumeneko kunali kosavuta chifukwa netiweki ya m'mbali mwa msewu wa tala ndi yabwino. Pasanapite nthawi anamwino anasiya kukonza makina poyang'ana mawotchi awo, n'kuyamba kukonza mawotchi awo poyang'ana makina.

Kumapeto kwa 2014

Kunatsala ku Vubwi, kumene kunayambira nkhani yonseyi. Kumeneko netiweki inkabwera n'kupita mmene yafunira, ndipo mafoni ankangodumphira ku nsanja za netiweki za ku Malawi. Seva yakumeneko inkatha masiku osalankhulana ndi Katete. Komanso inali ndi chilema chodya batire: ukaika latsopano, patapita milungu yochepa latha, ndipo malaiti akathima chaka chakale chija chabwerera. Ndalama yogulira seva ina panalibe. Chimene chikanathandiza chinali kachipangizo kolandira nthawi kuchokera ku masatelaiti a mumlengalenga, kosadalira netiweki. Tinakaitanitsa, n'kutiuza kuti kadzafika chaka chikatembenuka.

Nthawi yomweyo akuluakulu a ku likulu lathu ku Lusaka anaimbira a Daka. Anali atamva za ntchito ya ku Katete ndi Sinda, ndipo ankafuna kuti ndipite kukayang'anira makompyuta a bungwe lonse. Malowo anali oti munthu ayambe chaka chisanathe, apo ayi apatsa wina. Wodzalowa m'malo mwanga ku Katete panalibe, ndipo sankayembekezeka msanga. A Daka anandiuza zonsezi atatseka chitseko. Anati sandikaniza ndipo sandikankha. "Mukapita ndidzavina, mukatsala ndidzavinanso. Musayang'ane nkhope yanga."

Kunyumba nkhaniyi inalowa ngati ukwati. Iwe Yohane unali utayamba kale ntchito ku Lusaka, ndipo unayamba kutifunira nyumba ndisanayankhe n'komwe. Iwe Tiyamike unali mu giredi ileveni, ndipo unauza anzako onse kuti ukupita. Atate anu anati iwo amaphunzitsa kulikonse kumene kuli bolodi, apempha kusamuka. Ine ndinali nditadutsa zaka makumi asanu, ndipo ndinkadziwa kuti kuitana kotere sikubwera kawiri. Ndisakunamizeni, ndinkafuna kupita. Mtsikana amene anayamba ndi riboni youma, kukakhala ndi ofesi ku Lusaka. Ndinkamwetulira ndekha ndikusesa.

Ndisanayankhe ndinapita ku Vubwi pa ulendo wanga wa mwezi ndi mwezi. Linali tsiku la sikelo, amayi ali mbwee pakhonde ndi pansi pa mitengo. Mayi Sakala anali atamata pepala pa kompyuta lokumbutsa aliyense kuti ayambe waona tsiku asanalembe. Koma mlungu umene iwo anapita ku maliro kwawo, malaiti anathima, ndipo makanda ena analembedwanso molakwika. Tinawakonza limodzi. Tikumwa tiyi ndinawauza za ku Lusaka. Anandigwira dzanja ndi chimwemwe chenicheni, n'kunena kuti ndipite, mwayi sudikira. Nditafunsa za kachipangizo kaja, kuti adzakaike ndani, anati, "Musadandaule mayi. Ife kuno tinazolowera."

Mawu amenewo ndinayenda nawo msewu wonse wobwerera. Sanawanene modandaula ayi, ndipo n'chimene chinandipweteka. Nditafika ndinapeza atate anu akupalira maluwa pakhomo, ndipo ndinawauza kuti sindipita. Anaimika khasu, n'kundifunsa kamodzi kokha ngati ndatsimikiza, kuti ndisadzawaimbe mlandu tikadzakalamba. Ndinati ndatsimikiza. Anati ndiye basi, n'kupitiriza kupalira. Iwe Yohane unamvetsa msanga. Iwe Tiyamike unandipatsa moni wa alendo mpaka Khirisimasi itadutsa, ndipo sindinakudzudzule, chifukwa chimene ndinakana sichinali changa ndekha. Ndikuthokoza kuti ku Lusaka unadzapita ndi mapazi ako, ndi maphunziro ako.

Vubwi, 2015

Kachipangizo kaja kanafika mvula ili pakati. Kanali kakang'ono ngati sopo wosambira, kokhala ndi chingwe chachitali. A Daka anakatembenuza m'manja n'kundifunsa ngati kameneka ndi kamene ndinakanira Lusaka. Tinanyamuka m'mamawa ndi a Tembo, kudzera ku Chadiza. Msewu unali phala lokhalokha. Pamalo ena galimoto inatitimira mpaka m'mimba, ndipo anthu amene ankabandira chimanga m'munda wapafupi anasiya makasu n'kubwera kudzakankha. Ine ndinatsika, nsapato m'manja, kachipangizo nditakamanga m'chitenje pachifuwa ngati khanda. Mayi wina anandifunsa ngati mwanayo akudwala, ndipo nditamuonetsa anaseka mpaka kukhala pansi pamzere.

Tinafika masana. Kachipangizoka kamafuna kuona thambo bwinobwino. Ndinakaika pawindo, osagwira kanthu, chifukwa mbali imeneyo kunali mtengo waukulu wa mango. Pankafunika kukakweza padenga, koma pa kiliniki panalibe makwerero. Tili mkati mosinkhasinkha, Mayi Sakala anakuwira munthu wina amene ankadutsa pamsewu akukankha njinga yodzaza matumba. Anali a Miti. Ndinali ndisanawaonepo, ndinkangodziwa mawu awo. Atamva kuti ndine amayi a pafoni aja anasiya njinga pomwepo, n'kupita kukabwereka makwerero kwa mmisiri wina kumsika. Pobwera anabwera ndi akazi awo ndi mwana uja, akuyenda dzandidzandi atagwira chala cha amake. Anamuimika patsogolo panga n'kumuuza kuti apereke moni kwa amayi amene anamubwezera ubwana wake.

A Miti anakwera okha padenga, anamangirira kachipangizoko pa nsungwi ndi waya, ndipo a Tembo analowetsa chingwe pansi pa malata. Ine mkati ndinalemba mizere yanga: seva iziyamba yafunsa kachipangizoko, ndipo netiweki ikapezeka izifunsanso Katete. Ndinakonzanso kuti pulogalamu ya odwala isamatseguke nthawi isanalondoleke. Kunja kunali mitambo yakuda, ndipo tinadikira ndithu. A Miti ankafunsa ali padenga ngati atembenuze nsungwi, ngati mmene amachitira ndi mlongoti wa wailesi, ine n'kumati angoisiya. Kenako kanyenyezi kanatulukira.

Mayi Sakala sanasangalale msanga. Anati makina amenewa awanamiza kokwanira, akufuna aone ndi maso awo. Anandiuza kuti ndichotse kabatire kaja, ndipo iwo anapita kukathimitsa malaiti a nyumba yonse. Atayatsanso, seva inadzuka ndi chaka chake chakale chija. Anatembenuka n'kundiyang'ana. Tinadikira, mvula itayamba kugogoda pamalata. Posakhalitsa manambala anasintha okha, n'kuonetsa chaka chathu, mwezi wathu, tsiku lathu. Anathimitsanso kachiwiri, zinachitikanso chimodzimodzi.

Netiweki inatichitira chifundo tsiku limenelo. Ndinaimbira a Daka, amene anali m'kachipinda ka seva ku Katete, iwo n'kuimbira namwino wa ku Sinda pa foni ina. Ndinawapempha kuti aliyense awerenge mokweza zimene wotchi ya makina ake ikuonetsa. A Daka anayamba kuwerenga masekondi, mawu a ku Sinda akumveka chapatali akunena zomwezo, ndipo pamaso panga manambala ankasintha limodzi ndi pakamwa pawo. Mayi Sakala anatuluka pakhonde n'kuimba nthungululu. Amayi amene anabisala mvula pamenepo anailandira asanadziwe n'komwe chimene chachitika, ena akufunsa ngati kwabadwa mapasa. A Miti anatsika padenga ali chinyowere, akuseka, mwana wawo akuomba m'manja poona akuluakulu akuomba.

Pofika nthawi imeneyo alangizi anali atawapeza kale ana onse amene anadumphidwa, mpaka a m'midzi ya kuseri kwa mapiri, ndipo onse analandira katemera wawo. Kuyambira tsiku limenelo sindinalandirenso foni ya khanda la msinkhu wa sukulu. Seva yodya batire ija inagwira ntchito zaka zina zingapo isanasinthidwe, ndipo nsungwi ya a Miti inakhalitsa kuposa iyo.

Katete, 2023

Zaka zotsalazo ndinaphunzitsa ena ntchito imeneyi, ndipo amene ndinamusiyira mpando ndi mayi wodziwa zambiri kuposa ine. Phwando londitsanzika linali pabwalo la ofesi. A Daka, amene anali atapuma kale, anabwera ndi ndodo yawo kudzakhala wapampando. Analengeza kuti popeza wopumayo ndi mayi wa nthawi, mwambo uyamba teni koloko yeniyeni, osati ya kuno kwathu. Unayambadi, anthu ali odabwa. Zolankhula zinatha, mphatso zinaperekedwa, abusa anatseka ndi pemphero, ndipo anyamata anayamba kusanja mipando. Ine ndinkamwetulira koma maso anali kuchipata, chifukwa munthu mmodzi amene ndinkamuyembekezera sanaoneke.

Tikutsanzikana, pachipata panaima minibasi yofiira ndi fumbi. Munatuluka Mayi Sakala, imvi zili mbuu, atavala chitenje chatsopano, akukoka mbuzi yamoyo pachingwe. Anali atanyamuka ku Vubwi tambala woyamba atangolira, galimoto n'kuwafera panjira. Anayang'ana mipando yosanjidwayo, anayang'ana a Daka, n'kunena ndi mawu awo aakulu aja kuti, "Mawotchi munakonza mayi, koma msewu simunaukhudze. Bwezerani mipandoyo, ine ndili ndi mawu."

Mipando inabwezedwa. Abusa amene anali atakwera kale njinga yamoto anatsika. Mayi Sakala anapatsira atate anu chingwe cha mbuzi, anaima pakati pa bwalo, n'kuyamba nkhani yonse kuchokera pachiyambi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anayang'ana wotchi.